Mulanje, Mwini Zigono Khumi

Lira, mbalule! Lira, mpanje! Lira, gunda, mpaka nthaka igwedezeke! Amayi, tulutsani nthungululu. Abambo, ombani m'manja mwaulemu wa kubwalo. Lero tikutchula dzina lolemera, dzina losatchulidwa munthu ali chigonere. Lero tikutamanda Mulanje.

Mulanje mfumu ya mapiri. Mulanje nkhalamba yosaguluka mano. Mulanje njovu yogwada kummwera kwa Malawi, mutu m'mitambo, mapazi m'minda ya tiyi. Mulanje mkango wotsamira Phalombe, wowongolera miyendo ku Muloza, wopenya Mozambique osaphethira. Mulanje wofunda nkhungu, wosamba chiperoni, wovala mphenzi m'khosi. Mulanje thanthwe lotumphuka m'mimba mwa dziko mafuko asanabadwe, malire asanalembedwe, mbendera zisanasokedwe.

Ndinu amene dzuwa limayamba kukulonjerani lisanaone wina. Ndinu amene mwezi umakuzungulirani mwamantha. Ndinu kholo la Amang'anja, mthunzi wa Alhomwe, linga la Ayao. Ndinu mwini nsonga zosawerengeka, mwini mapanga a mizimu, mwini mathithi osauma. Ndinu mwini zigono khumi, nyumba khumi zomwazika pamsana panu, chigono ichi kuitana chinzake, moto uwu kuyankha moto uwo. Wokwera kwa Inu sakwera lero n'kutsika lero. Amagona, nadzuka, nasenza, nagonanso, mpaka mutamudziwa dzina.

Imvani, ana a Kuku! Imvani, a ku Chawama, a ku Kanyama, a ku Matero! Imvani, a ku George, a ku Mtendere, a ku Kalingalinga! Imvani, inu a m'makomboni a Lusaka, dziko lathyathyathya, kumene mvula ikagwa madzi amasowa kotsikira nagona pakhomo. Inu amayi olawirira ku Soweto nthanda isanalowe, dengu pamutu, mwana kumsana. Inu anyamata okankha wilibala yodzaza matumba dzuwa lili paliwombo. Inu agogo ophwanya miyala ndi nyundo m'mbali mwa msewu, odziwa kuuma kwa thanthwe ndi zikhatho zanu. Miyendo yanu idaphikidwa kale. Misana yanu idakhwima kale. Kum'mawa kuli phiri loyenera miyendo imeneyo. Kum'mawa kuli mfumu yolankhula chinenero cha amayi anu. Nyamukani!

Nyamukani pa Intercity tambala asanalire. Nyamukani mutsate Great East Road, msewu wa makolo obwera kudzafuna ntchito. Dutsani Chongwe, dutsani Rufunsa, zungulirani makhwawa a Manenekela. Wolokani Luangwa, mtsinje wa mvuu ndi ng'ona. Dutsani Nyimba wa nthochi, dutsani Petauke, dutsani Sinda. Pa Katete vulani chipewa, pakuti apo ndi pa Mkaika, pa mpando wa Kalonga Gawa Undi, tate wa Achewa a maiko atatu. Dutsani Chipata, dindani pa Mwami, lowani pa Mchinji. Lilongwe akupatseni madzi, Dedza akupatseni mphepo, Ntcheu akupatseni kachewere. Wolokani Shire pa Zalewa, pitirirani Blantyre, pitirirani Limbe, tsetserekani m'tiyi wa ku Thyolo. Tsono kwezani maso. Icho chakuda chatseka theka la thambo si mtambo ayi. Ndi Mwini Dziko ameneyo.

Likhubula, khomo la mfumu! Likhubula, polembetsa dzina, pomangira nsapato, pokumana mlendo ndi womperekeza. Likhubula mtsinje wobangula pamiyala, wotumiza madzi ake mpaka m'mipope ya ku Blantyre. Apa pali Dziwe la Nkhalamba, dziwe lozizira ngati mtima wa mwala, dziwe limene akulu amati mizimu ya okalamba inkaonekerapo. Apa njira zigawikana. Iyi ndi Chapaluka, yotsata mtsinje m'mithunzi ya nkhalango. Iyo ndi Skyline, yoimirira njo, yopanda chisoni ndi mawondo a munthu. Sankhani, ana a Kuku. Zonse zikwera. Zonse zifuna thukuta. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha: phazi limodzi, phazi lina, mpweya umodzi, mpweya wina.

Kwerani m'masuku. Kwerani m'nsungwi. Kwerani pomwe apusi akukuyang'anani ali pamitengo. Kwerani mpaka malaya amamatire kumsana, mpaka mtima uimbe tchopa m'chifuwa, mpaka malata a m'midzi asanduke timikanda tonyezimira pansi paja. Kwerani mpaka mphepo isinthe fungo. Kwerani mpaka chikweza chithe mwadzidzidzi, dziko lina litseguke pamaso panu, dziko la udzu wofiira ndi timitsinje toyera, dziko lopachikidwa mamita pafupifupi 2,000 pamwamba pa nyanja zamchere.

Chambe! Chambe chimphona cha dazi. Chambe mphumi ya njati. Chambe khoma losakwereka ndi amantha, mamita 1,700 a mwala woongoka kuyang'ana kumadzulo, khoma limene okwera ndi zingwe amalitcha lalitali koposa mu Africa. Chambe wofiira dzuwa likamalowa, wakuda mwezi ukamatuluka. M'munsi mwa Chambe muli chigono choyamba. M'munsi mwa Chambe mulinso France's Cottage, nyumba yosunga dzina la woyang'anira nkhalango amene madzi a phirili adamutenga mu 1949. Phiri limasunga mayina a amene lidawatenga. Phiri siliiwala.

Tamandani mlonda wa chigono! Tamandani bambo wokhala yekha pakati pa mitambo, wowona alendo akali kadontho patali, wothamangira nkhuni asanapemphedwe. Taonani manja akewo: akuthyola tinkhuni, akuuzira moto masaya ali tutumu, utsi ukukwera m'chumuni, ndowa ya madzi yatsamira kale pamoto. "Mwafika bwino, achimwene? Takulandirani, amayi. Khalani apa, muothe." Madzi a kumtsinje akumenya mano. Nsima ikubwata, mthiko ukugunda m'mbali mwa poto, usipa ukununkhira, tiyi wa m'munsi momwemu akuthiridwa m'makapu. Matabwa a nyumba akutulutsa fungo la mkungudza. Mlonda mwini moto. Mlonda mwini kiyi. Mlonda nduna ya mfumu, wolandira wolemera ndi wosauka pa khomo limodzi, wogoneka onse pansi pa denga limodzi.

Usiku wa pa Mulanje! Usiku wopanda getsi, wopanda hutala, wopanda kondakitala woitanira. Usiku wa nyenyezi zopsa, zolendewera pafupi, zochuluka kuposa mchenga wa Luangwa. Usiku wa Juni ndi Julayi, woumitsa mame paudzu, woluma makutu, wophunzitsa munthu ulemu wa gombeza. Usiku womwe nyalugwe amayenda osaoneka. Gonani, apaulendo. Mawa kuli njira.

Lichenya, dambo la mafumu! Lichenya bwalo lotambasuka, mkeka wa udzu woyalidwa m'mwamba. Lichenya wa chigono chachikulu, Lichenya wa Hope's Rest, nyumba ya mpingo wa CCAP, kopumulira otopa, kopempherera oyamika. Lichenya wogonera chuma cha bauxite m'nthaka yake, chuma chimene ambiri achilakalaka, koma madzi ake aposa chumacho. Imani m'mphepete mwake muyang'ane pansi. Chiphompho chatsegula kukamwa, tiyi wayala chobiriwira mpaka kumene maso alekezera, chiwombankhanga chikuuluka m'munsi mwa mapazi anu.

Yendani tsono pamsana wakuthwa wochoka ku Chambe, phompho kumanja, phompho kumanzere. Yendani pomwe chinkhoma chimaima ndi nsonga za ziboda. Yendani pomwe mbira zimaothera dzuwa pamiyala. Yendani pakati pa cheyo womera pathanthwe louma, wosapempha dothi kwa munthu. Yendani khwangwala wa khosi loyera akukuperekezani m'mwamba. Tsikani m'khwawa, wolokani, kwerani. Tsikaninso, wolokaninso, kweraninso. Mulanje sapatsa njira yosalala. Mulanje amapatsa njira ya amuna ndi akazi olimba chiwindi.

Chisepo, khonde la nyumba yachifumu! Chisepo chigono cha osagona tulo. Chisepo kumene mphepo imaimba usiku wonse, kumene apaulendo amalankhula monong'ona, kumene aliyense amatuluka panja kukasuzumira kumwamba. Pakuti pamwamba pa Chisepo pakhala Wamkulukulu.

Sapitwa! Gwadani, mapiri onse. Sapitwa! Mamita 3,002, mutu wa Malawi yense. Sapitwa nyanga ya chipembere yobaya thambo. Sapitwa mpando wa mizimu. Sapitwa wosasekerera mwana wamwano. Gwada, Zomba. Gwada, Dedza. Gwada, Nyika. Gwadani, Namasile ndi Nandalanda, Khuto ndi Dzole, Nakodzwe ndi Matambale, nduna zozinga mwini mudzi. Lusaka yense wakhala pa mamita pafupifupi 1,300. Muunjike Lusaka wina pamwamba pake, Sapitwa adzawayang'anabe chotsika.

Kwa Sapitwa amapita ndi manja ndi mapazi. Kwa Sapitwa amakwawa pathanthwe lotsetsereka, zala zikufunafuna mng'alu, chifuwa chikukhudza mwala wozizira. Kwa Sapitwa amatsata timadontho ta penti wofiira pamiyala, kadontho aka, kadontho ako, maso osachoka pa woperekeza. Kwa Sapitwa amapinda msana kulowa pansi pa zimiyala zosanjikizana, chikwama chikukokedwa pambuyo, ndere zonyowa zikukhudza tsaya. Kwa Sapitwa wamtali amafupika, wonyada amagwada, wolongolola amatseka pakamwa. Mukati mwafika, nsonga ina yatulukira. Mukati yatha, ina yaima patsogolo. Ndipo potsiriza, mwala wotsiriza, mphepo yokhayokha, thambo lokhalokha.

Penyani, ana a Kuku, penyani! Penyani nyanja ya Chilwa ikunyezimira kumpoto. Penyani Zomba ndi Chiradzulu atafupika. Penyani mapiri a ku Mozambique atandandalika kum'mawa. Penyani mitambo yayala pansi panu, yoyera mbee, inu muli pamwamba pake. Mwana wa m'komboni waima pomwe mvula imabadwira. Mdzukulu wa wophwanya miyala waponda mutu wa miyala yonse. Nthungululu, amayi! Nthungululu!

Koma opani, pakuti mfumu ndi mfumu. Opani chiperoni, nkhungu yochokera ku phiri la Chiperone, yofika mwakachetechete, yomeza njira, yomeza mnzako ali pafupi. Opani mtsinje wodzala m'kanthawi. Opani mwala wonyowa. Mu 2003 mlendo wa ku Netherlands adakwera yekha, osabwerera. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil adakwera yekha, chisanu chidamugoneka. Safunsa adadya phula. Makolo adasiya malamulo: usatukwane m'phiri, usanyoze mwini malo, ukapeza chakudya chokonzedwa panjira idya mwaulemu osaitana mnzako, pakuti eni ake ndi osaoneka. Mverani woperekeza. Akati tibwerere, bwererani. Wobwerera wamoyo ndiye adzakwerenso.

Opani Napolo, njoka ya pansi pa phiri, wosamuka ndi mkokomo, wogubuduza miyala yoposa nyumba. Napolo wa Malichi 1991, wotsika m'phiri la Michesi, wosesa Phalombe. Opani namondwe Freddy wa Malichi 2023, wong'amba mapiri, wosiya zipsera zoyera m'nthiti mwa Mulanje, wosiya maliro m'midzi ya m'munsi. Inu a ku Kuku ndi Kanyama mukudziwa madzi olowa m'nyumba usiku. A ku Phalombe ndi abale anu m'misozi. Mfumu yopatsa mvula ndi yomweyo yobangula. Tiitamanda ikamapatsa, tiigwadira ikakwiya.

Dzukani, senzani, njira ikadalipo! Thuchila akuitana. Thuchila chigono chakale, chakhonde loyang'ana chigwa cha Phalombe. Thuchila woyandikana ndi Mutu wa Njovu, thanthwe lopenyerapo dzuwa likamamira m'moto wake. Chinzama akuitana. Chinzama pakati pa zitunda, mphambano ya njira, mtima wa phiri. Minunu akuitana. Minunu kachigono kobisala, mlonda wa magwero a Ruo. Madzeka akuitana. Madzeka wa mathithi, wotsetserekera ku tiyi wa ku Lujeri pa njira ya makwerero. Sombani akuitana. Sombani wogona m'mapazi mwa Namasile, chigono chotsiriza cha opita kum'mawa. Chigono ndi chigono, moto ndi moto, mlonda ndi mlonda. Thumba la ufa likupepuka, miyendo ikulemera, mtima ukukula.

Mulanje mayi wa mitsinje! Mwabala Ruo, wolemba malire a Malawi ndi Mozambique, wokagwa m'Shire pa Chiromo. Mwabala Thuchila. Mwabala Likhubula. Mwabala Lichenya. Mwabala Muloza. Mwabala Phalombe ndi Sombani, othamangira ku Chilwa. Mwabala madzi a tiyi, madzi a mpunga, madzi a chinanazi, madzi a mwana wobadwa lero. Wakumwa m'munsi amwa Inu. Wosamba m'munsi asamba Inu. Bere lanu siliuma, Mayi wa chigwa.

Mulanje mwini mkungudza! Mkungudza mtengo wa fuko la Malawi. Mkungudza wonunkhira, wosadyedwa ndi chiswe, wosaola m'madzi. Mkungudza wobadwira pano pokha pa dziko lonse lapansi. Mkungudza ndevu za mfumu. Adakumetani, Mfumu, adakumetani ndi macheka. Adakutenthani ndi moto wolusa. Adatsitsa matabwa anu pamitu usiku ndi usana, mpaka mu 2017 owerenga adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Koma mfumu siifa ndi lumo. Taonani manja a amayi a m'midzi yozungulira akufesa njere m'timachubu. Taonani a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi a zankhalango akukweza mbande zikwi mazanamazana kubwerera kwawo. Taonani okonza njira zotchinga moto, zikwanje zili m'manja. Odala obzala! Odala olondera! Odala okana kugula thabwa lakuba! Ndevu za mfumu zidzameranso.

Dziko lidakuvomerezani, Mulanje. Mu 1927 boma lidakuikani m'gulu la nkhalango zotetezedwa. Mu 2000 UNESCO idakulembani m'kaundula wa malo osungira zamoyo. Mu 2025 maiko adakuikani pa mndandanda wa chuma cha anthu onse a pansi pano, chifukwa cha mizimu yanu, miyambo yanu ndi anthu anu. Adachedwa, Mfumu. Agogo athu adakulongani ufumu kalekale, ndi nsembe ya ufa, ndi mowa wothira pansi, ndi ng'oma za tchopa zolira mpaka lero pa Chonde.

Tsono imirirani nonse, titamande eni njira! Tamandani onyamula katundu, ana a Likhubula, ana a Lujeri, ana a Phalombe. Tamandani operekeza alendo, odziwa mwala uliwonse ndi dzina lake, owerenga mitambo m'mawa, onunkhiza mvula isanagwe. Akambuku a pathanthwe! Ankhwazi a m'zitunda! Njati zosenza mosadandaula! Taonani phazi la wonyamula katundu, chidendene chong'aluka, patapata wakutha, zala zogwira mwala pomwe nsapato ya mtengo wapatali ikuterereka. Taonani chikwama cha mlendo chili pamutu pake, khosi lili njo, nyimbo ili pakamwa. Iye afika pachigono moyamba. Iye abwerera kudzagwira dzanja la wotsalira. Iye adziwa pobisala madzi m'chilimwe. Mlendo akajambulitsa pansonga, dzina lake limamveka kutali. Koma ife tikudziwa mwini ulendo.

Tamandani liwiro lawo! Chaka ndi chaka, mwezi wa Julayi, Porters Race imawasonkhanitsa pa Likhubula, amuna ndi akazi. Akwera ku Chambe chothamanga. Adutsa ku Lichenya chothamanga. Atsika chothamanga, makilomita oposa 20 a miyala ndi mitsinje. Njira imene mlendo amagonera panjira, akatswiri amaimaliza maola atatu asanakwane. Mphepo ya miyendo iwiri! Mphenzi yotsika m'phiri! Apatseni ulemu wawo. Apatseni malipiro awo osanyinyirika. Aitaneni achimwene, aitaneni achemwali, idyani nawo m'mbale imodzi. Wokankha wilibala ku Soweto ndi wosenza chikwama pa Skyline ndi ana a bambo mmodzi.

Tsikani tsono, ngwazi, tsikani kuchokera ku Sombani. Tsikani mawondo akunjenjemera, nkhope zitapsa ndi mphepo, zovala zikununkha utsi wa zigono. Tsikani mulowe pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi. Apa ndi pa Fort Lister. Apa vulaninso chipewa. Apa padadutsa makolo athu, goli m'khosi, unyolo m'manja, minyanga ya njovu pamutu, ulendo wa ku Quelimane wopanda kubwerera. Apa mu 1893 padamangidwa linga lotseka njira ya ogulitsa anthu. Phiri lidaona mapazi awo. Phiri lidamva kulira kwawo. Phiri lidasunga zonse m'chifuwa chake cha mwala.

Lero pa mpata womwewo mukudutsa inu. Mukudutsa opanda goli. Mukudutsa opanda mkwapulo pambuyo. Mukudutsa mutasenza katundu wosankha nokha, mutayenda njira yofuna mtima wanu, mutagona m'nyumba za mfumu monga alendo olemekezeka. Iwo adayenda mitu ili pansi; inu mwaima pa Sapitwa. Iwo adalandidwa mayina. Inu mwalemba anu m'buku la pachigono ndi dzanja lanu. Pondani mwamphamvu, adzukulu a otsala! Pondani, amve ali m'nthaka kuti mbewu yawo sidathe! Pondani, ana a Kuku, ana a Phalombe, ana a Tete ndi Niassa, fuko limodzi la miyendo yosatopa! Mulanje ndi wanu. Njira ndi yanu. Yendani, mfulu, yendani!